Funsani Alangizi: Tinsabwe Tothamanga M'maluwa a Tsabola

Mwezi uno thumba la makalata landidabwitsa. Anthu atatu, wina ali ku Israel, wina ku Chikwawa, wina ku Limpopo ku South Africa, akudandaula za kachilombo kamodzi kamene azungu amati thrips, ndipo onse ali kumalo kotentha ndi kouma. Ndawaika pamodzi. A nkhuku ndi a mbuzi mundikhululukire, makalata anu adikire mwezi wamawa.

FUNSO

Alangizi, ndine mnyamata wa ku Ntcheu, koma pano ndili ku Israel, m'chigwa cha Arava, kumene ndikugwira ntchito pa famu ya tsabola wosawawa uja timati girinipepa, ngakhale kuno timathyola atafiira kapena atachita chikasu. Timalima m'magirinihausi ndi m'nyumba za neti. Kunja kwake ndi mchenga ndi miyala basi, mvula yeniyeni sindinaione chibwerere. Bwana wandipatsa ntchito yoyendera mizere m'mawa uliwonse kuona tizilombo, poti ndinamuuza kuti kwathu ndinkalima tomato kudimba. Akandifunsa chimene ndapeza ndimangoti thrips, iye n'kufunsa kuti ati, ine kukamwa yasa. M'maluwa ndimapeza tina tachikasu, tina todera, tina takuda tonenepako tothamanga kwambiri. M'nyumba ina maluwa ali bwinobwino koma nsonga zakwinyika, masamba apindikira m'mwamba. Tsabola wina ali ndi zipsera kukhosi, wina ali ndi mawanga ozungulira ngati zipere. Kodi zonsezi ndi kachilombo kamodzi? Ndithandizeni ndisachite manyazi, ntchitoyi ndi yopepukirapo kusiyana ndi kunyamula makatoni.

Mnyamata wa ku Ntcheu, ku Arava

YANKHO

Mphwanga, zikomo polemba, ndipo undiperekere moni kwa anzako onse amene munayamba kukwera ndege kumapeto kwa 2023 kukagwira ntchito m'mafamu akumeneko. Manyazi usachite. Funso la bwana wakolo limagwetsa ngakhale anthu a madigiri, chifukwa mitundu ya tizilomboti yodziwika padziko lapansi ndi yoposa 6,000, ndipo yambiri ukaiika pachikhatho imaoneka chimodzimodzi. Mwayi wake ngwakuti yovutitsa tsabola m'girinihausi siikwana zala za dzanja limodzi.

Dzina lakelake m'Chichewa tilibe. Alimi ambiri amangoti tinsabwe, koma nsabwe za m'masamba zimakhala phee, zitaunjikana pansonga ngati anthu pasiwa, pomwe izi ukangogwedeza tsamba zimabalalika. Ine pantchito ndinkangoti mathiripisi, alimi n'kuzolowera, ndiye panonso ndilemba choncho.

M'kalata yako ndawerengamo zinthu zinayi: mathiripisi amitundu iwiri, matenda amodzi, ndi mnzako mmodzi amene ukufuna kumupachika mlandu wosapalamula.

Ndisanazimasule ndikuuze momwe ine ndinaphunzirira. Chaka changa choyamba cha ulangizi, ndili ndi njinga yatsopano ndi satifiketi yonunkhira inki, anandiitanira kudimba la anyezi mwezi wa Seputembala. Masamba anali atatuwa mbuu ngati awazidwa phulusa, nsonga zikuuma. Ndinaima chapatali, manja m'thumba, n'kugamula kuti ndi chiwawu, agule mankhwala a chiwawu. Anagula, anapopera, anyezi anangopitirira kutuwa. Nditabwerako sabata yachitatu, gogo wina amene ulendo woyamba uja sananene kanthu anazula anyezi mmodzi, n'kukanula masamba pakhosi pomwe amatulukira, n'kundiyandikizira kumaso osayankhula. Munali tizinthu tachikasu tambirimbiri, ting'onoting'ono ngati nyenyeswa za gaga, tikuthawira mkati kuopa dzuwa. Ndalama za anthu zinapita m'madzi chifukwa ine sindinagwade, ndinkasunga buluku la ofesi.

Iwe gwada. Tenga pepala loyera, kapena chivindikiro choyera cha ndowa, uike kunsi kwa duwa, ulimenye duwalo ndi chala katatu. Zogwa pamenepo uzipatse kanthawi. Mungu sukwawa, fumbi silikwawa. Chimene chayamba kuyenda ndiye mlendo wako. Njira ina ndi kuuzira m'duwamo mpweya wa m'kamwa pang'onopang'ono, monga umachitira pofuna kupukuta galasi, ndipo uwaona akutuluka m'ngodya momwe anabisala. Uzichita izi m'mawa dzuwa lisanakwere, poti kukatentha amauluka usanamalize kuwerenga. Pempha bwana kagalasi kokuza zinthu ka 10 kapena ka 20. Ukakaika kutsogolo kwa kamera ya foni umatha kujambula chithunzi chooneka ndithu.

Thiripisi wamkulu ndi wautali milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, wowonda ngati kachidutswa ka ulusi wosokera. Mapiko ake sali ngati a ntchentche: ndi timizere tinayi tokhala ndi ubweya m'mbali monga nthenga ya nkhuku, ndipo akaima amatigoneka pamsana. Ukamuputa amapinda mchira m'mwamba ngati kachinkhanira, kenako tsoo, wadumpha. Ana ake alibe mapiko, ndi oyererako kapena achikasu. Podya amabaya khungu la tsamba ndi kamlomo konga singano n'kuyamwa madzi a mkati. Pomwe wayamwa pamalowa mpweya, n'chifukwa chake pamanyezimira ngati siliva, ndipo pambali pake pamakhala timadontho takuda, ndowe zake. Ukaona siliva ndi timadontho takuda zili pamodzi, ameneyo ndi thiripisi. Akangaude ofiira amasiya timadontho totuwa ndi ulusi, siliva wotere ayi.

Tsopano pa funso la bwana lija. Khungu la tizilomboti limanamiza, usalikhulupirire. Yang'ana pomwe kakhala ndi chimene kawononga.

Wa m'maluwayo, pa tsabola wa kumeneko, kawirikawiri ndi Frankliniella occidentalis, amene azungu amati western flower thrips. Kwawo ndi kumadzulo kwa North America. Anayamba kufalikira dziko lonse m'zaka za m'ma 1980, akuyenda pandege ngati iwe, atabisala m'maluwa ndi m'mbande zogulitsa. Ku Netherlands anamupeza mu 1983, ku Spain mu 1986, ndipo zaka khumi zimenezo zisanathe anali atafika ku Israel ndi ku South Africa. Tachikasu ndi todera tomwe ukupeza m'duwa limodzi nthawi zambiri ndi banja limodzi. Amuna ndi ang'onoang'ono, achikasu chotuwa. Akazi ndi okulirapo, ndipo amatha kukhala achikasu, odera, kapena pakatikati. M'nyengo yozizira, imene kumeneko ndi Disembala ndi Januwale, odera amachuluka. Munthu wosadziwa amalemba mitundu itatu pomwe pali umodzi. Chimene chimamukokera m'duwa ndi mungu, ndipo mkazi akadya mungu amaikira mazira ambiri kuposa akamadya tsamba lokha. Duwa likayoyoka, ana amatsalira pansi pa kachipewa kobiriwira ka chipatso, pomwe kamagundana ndi khungu la tsabola, n'kumayamwa pamenepo chipatso chikadali ngati nsawa. Chikamakula, kabala kaja kamatambasuka. Ndizo zipsera za kukhosi wanenazo. Tsabolayo mkati ndi wabwinobwino, ku Tsangano tikanagulitsa osatsitsa mtengo, koma wa ku Arava ambiri amapita kumisika ya kunja, ndipo kumeneko chipsera ndi mlandu.

Nyumba ija ya maluwa abwino koma nsonga zokwinyika ndiyo yandichititsa chidwi, chifukwa pamenepo m'pomwe oyendera mizere ambiri amagwa. Amamenya maluwa, sapeza kanthu, n'kukauza bwana kuti kuli mtendere. Pamenepo ganizira Scirtothrips dorsalis, wodziwika kuti chilli thrips, wochokera kumwera kwa Asia. Ndi wamng'ono kuposa woyamba uja, nthawi zambiri sakwana bwino milimita imodzi, thupi lotuwa, koma mapiko ndi odera moti akawapinda amaoneka ngati ali ndi kamzere kakuda pamsana. Iyeyu za mungu alibe nazo ntchito kwenikweni. Amafuna zanthete: timasamba tongotuluka kumene, mphukira, tizipatso tating'ono. Tsamba limapindikira m'mwamba ngati bwato, limauma gwa, m'mbali mwa mitsempha mumachita dzimbiri, ndipo mtengo wonse umapinimbira. Choncho m'nyumba imeneyo menya nsonga papepala, osati maluwa okha. Msuweni wake, Scirtothrips aurantii, ndi amene amakwinya nsonga za tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo nyengo yadzuwa, ndi kuika zipsera pa malalanje ku South Africa. Khalidwe ndi lomwelo, la pamtundu.

Koma chenjera, pali nthata ina yaing'ono kwambiri, azungu amati broad mite, yosaoneka n'komwe ndi maso, imene nayo imakwinya nsonga za tsabola. Kusiyana kwake kuli pa bwato lija. Likayang'ana kumwamba, ganiza thiripisi. Likavundikira pansi, tsamba n'kukhala lowonda, lonyezimira, kunsi kwake kofiirira, ndipo papepala sipakugwa chilichonse choyenda, ganiza nthata. Mankhwala ake ndi osiyana, ndiye ukasokoneza ziwirizi wabwereza nkhani yanga ya anyezi.

Alipo wachitatu, Thrips tabaci, yemwe uja anandionetsa gogo. Amalowa m'girinihausi makamaka ngati pafupi pali munda wa anyezi umene ukukololedwa. Pamaso amafanana kwambiri ndi wa m'maluwa. Akatswiri amawasiyanitsa powerenga mfundo za tinyanga ta kumutu: wa anyezi ali ndi mfundo 7, wa m'maluwa 8. Wa m'maluwa alinso ndi timaso titatu tofiira pamphumi ndi ubweya wautali kutsogolo kwa mapewa, pomwe wa anyezi timaso take ndi totuwa ndipo ubweya wa kutsogolowo alibe. Izi sungazione bwino ndi kagalasi ka m'thumba, zimafuna maikulosikopu. Ndiye usadzipweteke. Tenga kabotolo, uthiremo spiriti wa 70 peresenti, utole tizilombo 20 kapena 30 ndi kaburashi konyowa, uponyemo. Kapepala ka tsiku, nyumba, mbewu ndi pomwe watola, kaya m'duwa kaya pansonga, ulembe ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu spiriti. Pafupi ndi Hatzeva pali malo a kafukufuku wa zaulimi otchedwa Yair, ndipo bwana wako akuwadziwa. Mnyamata wobwera ndi kabotolo kolembedwa bwino sachita manyazi pamaso pa wina aliyense.

Tibwere kwa mnzako uja. Takuda tonenepako tothamanga m'maluwa si mathiripisi. Tayang'anitsitsa: ngati ndi tobulungira pang'ono, totalika mamilimita awiri kapena kupitirira pang'ono, tokhala ndi timawanga totuwa pamapiko ndi kamlomo kosongoka kutsogolo, ameneyo ndi Orius laevigatus, mlenje wa mathiripisi. Amabaya ana ndi akulu omwe n'kuwayamwa mpaka kutsala chikopa. Ana ake ndi achikasu kapena a mtundu wa lalanje, maso ofiira, thupi ngati dontho la madzi, ndipo amathamanga kuposa ana a thiripisi. Sanabwere okha. Bwana wako anawagula ndi ndalama, m'mabotolo, kumakampani oweta tizilombo monga BioBee ya ku Sde Eliyahu. Ukatembenuza tsamba n'kuyang'ana m'mphanda za mitsempha, upezanso tinthata totuwa, theka la milimita, toyenda mwachangu. Ameneyo ndi Amblyseius swirskii, amene anapatsidwa dzina la katswiri wa ku Israel komweko, Eliahu Swirski. Amadya ana a thiripisi ongoswa kumene ndi mazira a ntchentche zoyera. Awiriwa uziwawerenga padera m'kabuku kako. Duwa lokhala ndi mathiripisi atatu ndi Orius mmodzi silindidetsa nkhawa ngati duwa lokhala ndi mathiripisi awiri popanda mlonda.

Zipere zija ndizo zoopsa kuposa zonse. Ndi matenda a vairasi otchedwa tomato spotted wilt, mwachidule TSWV, amene anaoneka koyamba pa tomato ku Australia mu 1915. Pa tsabola amajambula mizere yozungulira pachipatso ndi pamasamba, nsonga zimada n'kufa, mtengo n'kuleka kukula. Wowanyamula wamkulu ndi wa m'maluwa uja. Kayendedwe kake n'kodabwitsa, ndipo ukakamvetsa udziwa chochita. Thiripisi amatenga vairasi akadali mwana basi, poyamwa mtengo wodwala. Akakula n'kumera mapiko, amafalitsa moyo wake wonse. Koma amene wakulira pamtengo wabwino, ngakhale akayamwe wodwala ali wamkulu, sapatsira wina, ndipo mayi sapatsira mazira ake. Tanthauzo lake n'lakuti mtengo wodwala umene uli ndi ana a thiripisi ndiwo chisa cha mliri. Mankhwala ochiza kulibe. Ukaupeza, uveke thumba la pulasitiki pomwepo usanauzule, umange, utuluke nawo. Osaukhwekhwereza mumzere wonse, poti ukhala ukugawa ana m'njira ngati wogawa makuponi. Mbewu zambiri za tsabola masiku ano zili ndi chitetezo cha matendawa chotchedwa Tsw, koma kutentha kwambiri kumachifooketsa, ndipo pali mitundu ya vairasiyu imene imachidumpha. Nyumba imene mwaoneka zipere, ngakhale mathiripisi ochepa ndi ambiri.

Mwina umadabwa kuti m'chipululu chopanda ngakhale udzu tizilomboti timachulukiranji chonchi. Mdani wamkulu wa thiripisi ndi mvula. Imamukokolola pamasamba, ndipo imamiza ana amene atsikira m'dothi kukasanduka akulu. N'chifukwa chake kwathu kuno amavuta kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, mvula ikangoyamba n'kuchepa. Ku Arava mvula ya chaka chonse kawirikawiri sipitirira mamilimita 50, imene kwanu ku Ntcheu itha kugwa masana amodzi a Januwale. Madzi mumathirira ndi timapaipi todontheza, tsamba silinyowa. Mkati ndi mofunda usiku ndi usana, maluwa osatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Neti ya timabowo ting'onoting'ono yotchedwa 50 mesh imene mumakutira nyumba imatchinga ntchentche zoyera ndi nsabwe, koma thiripisi ndi wowonda, amapyola. Pulasitiki yotchinga UV, kuwala kwa dzuwa kumene maso athu sakuona, imawasokoneza njira n'kuchepetsa olowa, koma siwaletseratu. Chida chachikulu cha alimi a m'chigwa chimenecho ndi mgwirizano: pakati pa chilimwe amazula mbewu zonse, chigwa n'kukhala milungu ingapo chopanda chobiriwira, kuti tizilombo ndi mavairasi zife ndi njala asanadzale tsabola watsopano cha mu Ogasiti. Ukadzaona akukutumani kuzula mitengo imene ikadali ndi zipatso, usadzati ndi kuwononga.

Mawa m'mawa sankha mitengo 20 m'nyumba iliyonse, ina ya pakhomo, ina ya m'mbali mwa neti kumene mphepo imachokera, ina ya pakati. Pamtengo uliwonse menya duwa limodzi ndi nsonga imodzi. Lemba akulu angati, ana angati, Orius angati, ndi mitengo ya zipere ingati pamzere uti. Bwana akafunsa kuti ati, umuuze kuti nyumba yachitatu ali m'maluwa, awiri pa duwa, Orius alimo. Nyumba yachisanu m'maluwa mulibe koma pansonga alipo, ang'onoang'ono otuwa, masamba apindikira m'mwamba, kabotolo ndi aka. Makatoni adzanyamula ena.

FUNSO

Alangizi, ndife gulu la amayi 14 kuno ku Chikwawa. Tili ndi girinihausi imodzi ya tomato ndi tsabola, ndipo kunja kwake timalima anyezi ndi khobwe. Chiyambire Ogasiti tizilombo tating'ono tachikasu tatisowetsa mtendere, masamba akuchita siliva. Tikupopera kawiri pa sabata mankhwala omwewo amene ankagwira chaka chatha, koma tikapopera Lolemba, pofika Lachisanu tabwereranso. Wogulitsa mankhwala akuti tionjezere muyezo. Kodi alipo amphamvu kuposa awa?

Mlembi wa gulu, Chikwawa

YANKHO

Mayi, muyezo musaonjezere. Wogulitsayo ali pa malonda ake, inu muli pa tomato amene adzadye ana anu omwe.

Amene mukuwaona Lachisanu si amene munawapopera Lolemba. Tsiku lililonse banja la thiripisi limakhala logawikana panayi. Mazira ali mkati mwa mnofu wa tsamba, poti mayi amacheka tsamba ndi kasowo ka kumchira n'kulowetsamo dzira. Ana ali m'makwinya a nsonga. Amene atsala pang'ono kumera mapiko ali m'dothi, sakudya kanthu. Akulu ali mkatikati mwa maluwa. Mpope wanu umafikira ochepa amene ali poyera, ndipo pakangopita masiku atatu kapena anayi a m'mazira aswa, a m'dothi atuluka. Ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, kuchoka pa dzira kufika pa wamkulu woikira mazira ake sipatha milungu iwiri. Choonjezera apo, mkazi wa mtundu wa m'maluwa safuna mwamuna kuti aikire: mazira ake osakwatiwa amaswa amuna, ndipo mtundu umapitirira. Ndiye akapulumuka ochepa amene mankhwalawo sawapha, mwezi umodzi nyumba yonse yadzaza zidzukulu zawo, zonse zosamva mankhwala. Chaka chatha ankagwira. Chaka chino mwatsala ndi ana a opulumuka.

Njira mukufuna kulowayi ena anaiyenda mpaka kumapeto kwake. Ku Almería, kumwera kwa Spain, ndi dera louma kwambiri m'Ulaya monse, koma kuli magirinihausi opitirira mahekitala 30,000, oyera mbee moti amaoneka pazithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Thiripisi wa m'maluwa atafika kumeneko, alimi anapopera mankhwala awa, n'kusintha awo, n'kusakaniza, mpaka ngakhale mankhwala otchedwa spinosad, amene poyamba ankagwira bwino, anayamba kulephera. Ena anafika pogula mankhwala osaloledwa. Kumapeto kwa 2006 oyeza zakudya ku Germany anapeza mankhwala oletsedwa otchedwa isofenphos-methyl mu tsabola wochokera ku Almería, msika n'kugwedezeka. Kuyambira 2007 alimi a tsabola anatembenukira kwa alenje awiri ndawatchula poyankha mnyamata wa ku Arava, ndipo m'nyengo zochepa pafupifupi tsabola yense wa kumeneko ankalimidwa motero. Nkhondo sinathe, chifukwa zaka zaposachedwa kwalowa mtundu wina wochokera kumwera chakum'mawa kwa Asia, Thrips parvispinus, womwenso unasakaza tsabola wowawa ku India mu 2021. Koma mankhwala amphamvu amene mukufunsawo, a ku Almería anali nawo onse ndi ndalama zogulira, ndipo sanawapulumutse.

Inu alenje a m'botolo simungawapeze pa golosale ya pa Dyeratu, koma a kutchire alipo, abale ake a Orius ndi akangaude osiyanasiyana, ndipo kupopera kawiri pa sabata kumapha iwowa poyamba. Yambani ndi zimene sizifuna ndalama. Anyezi achoke pakhomo pa girinihausi. Nyengo ikubwerayi mudzale patali, kumbali imene mphepo imapita osati kumene imachokera, chifukwa tsiku lozula anyezi mathiripisi onse amasamukira kwa neba. Kuzungulira nyumbayo lambulani mamita angapo pakhale dothi lokha. Chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone zimasunga mathiripisi ndi vairasi yemwe. Ndikudziwa kuti ndi ndiwo, inenso ndinakulira zomwezo, koma zimere kwina. Zibowo za neti musoke. Pansi pa mizere yalani pulasitiki kuti ana akamagwa asapeze dothi lobisalamo.

Misampha ya ulimbo yabuluu imakoka mathiripisi kuposa tizilombo tina, pomwe yachikasu imakola chilichonse. Ngati yogula ikudula, dulani chigubu chabuluu, mupake girisi woyera mopyapyala, mupachike pamwamba penipeni pa nsonga za mbewu, ina pafupi ndi khomo. Ntchito yake yaikulu ndi kukuuzani ngati akuchuluka kapena akuchepa, ndiye muziwerenga tsiku limodzi pa sabata n'kulemba.

Mukafika poti kupopera n'kosapeweka, yang'anani pa botolo nambala ya gulu la mankhwalawo, imene imasonyeza njira imene amaphera tizilombo, osati dzina la malonda, poti mayina awiri osiyana amatha kukhala mankhwala amodzi. Poperani kawiri motalikitsa masiku 5 mpaka 7 kuti mupeze oswa kumene ndi otuluka m'dothi, kenako musinthe gulu. Poperani m'mamawa kapena madzulo, mulunjike pansonga, m'maluwa ndi kunsi kwa masamba, ndipo masiku odikira musanathyole amene alembedwa pa botolo muwasunge. Mbewu ikatha, zulani zonse, mutulutse, mutseke nyumbayo milungu iwiri dzuwa la Okutobala liphike zotsala. Dzuwa limenelo ku Chikwawa muli nalo laulere.

Pa khobwe musadabwe mukapeza m'maluwa mwake mathiripisi akuda bii, onyezimira, okulirapo. Amenewo ndi Megalurothrips sjostedti, a mbewu za mtundu wa nyemba, amene amayoyola maluwa a khobwe ndi nandolo. Si amene akudya tomato wanu. Achikasu a m'nyumbamo akhoza kukhala a anyezi, a m'maluwa aja, kapena mbale wawo wopezeka kuno ku Africa, Frankliniella schultzei, amenenso amanyamula vairasi wa zipere. Tolani m'kabotolo ka spiriti monga ndafotokozera pamwambapa, mupatse alangizi a kwanuko atumize ku Bvumbwe, kumene kuli malo a kafukufuku wa mbewu zamasamba ndi zipatso.

FUNSO

Alangizi, ndimagwira ntchito m'matanelo a pulasitiki a nkhaka pa famu ina kufupi ndi Musina. Tikamathyola masana, m'manja ndi m'khosi mumayabwa ngati wina akubaya ndi singano, ndipo ndikayang'ana ndimapeza tizilombo tachikasu towonda. Anzanga akuti timayamwa magazi ndipo tingatipatse matenda a mbewuzo. Ndi zoona?

Wowerenga wa ku Mangochi, ku Limpopo

YANKHO

Achimwene, kubaya amabayadi, anzanuwo pamenepo sananame. Thiripisi akatera pakhungu la thukuta amalawa ngati kuti ndi tsamba, kufuna chinyezi, ndipo Orius naye amatero ngati famu yanu imamugwiritsa ntchito. Iyeyo ndiye amapweteka koposa. Koma magazi sakhalira, ndipo vairasi wa tomato ndi nkhaka sagwira munthu. Kuyabwako kumatha pakapita maola ochepa mukasamba ndi sopo. Malaya oyera, achikasu ndi abuluu wowala amawaitana, ndiye valani odera a manja aatali, ngakhale ndikudziwa kutentha kwa ku Musina m'kati mwa pulasitiki.

Chimene ndikufuna muonetsetse ndi ichi. Ngati kuyabwa kukubwera tsiku lopopera kapena lotsatira lake, khungu n'kufiira paliponse pomwe lakhudza masamba, maso n'kumawawa, mutu n'kumazungulira, amenewo si mathiripisi, ndi mankhwala. Mabotolo ambiri amanena maola oyenera kudikira anthu asanalowenso m'tanelo. Funsani kapitawo dzina la mankhwalawo, mulijambule pafoni, ndipo mukapita kuchipatala muwaonetse chithunzicho.